Mphaka akungokanda makutu, maso manthongo okhaokha, mukapukuta zikubwereranso

Mphaka wanga Bonya ndinamutola kuseri kwa chigayo ali kakang'ono kokwana m'dzanja, maso onse awiri atamatana ndi manthongo, m'makutu muli bii ngati wina wathiramo masamba a tiyi. Ine n'kumati aaa litsiro chabe ili, thonje ndi madzi ofunda zitheka. Ndinapukuta, kanayera bwinobwino, patangotha masiku anayi zakuda zija mbwee kachikena. Kupukutanso, kubweranso, kupukutanso, kubweranso, mpaka miyezi iwiri, kenako Phulusa mphaka wanga wamkulu amene sanadwalepo khutu chibadwire nayenso n'kuyamba kukutumula mutu usiku onse. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndikuchotsa utsi moto ndikuusiya. Ndiye ngati nanunso mwatopa ndi kupukuta chinthu chomwechomwecho sabata iliyonse, dziwani kuti mphaka wabwinobwino safuna kutsukidwa makutu kapena maso pafupipafupi, amadzisamala yekha. Zikamabwerera ndiye kuti chilipo chikuzipanga, ndipo ndi chimenecho chofunika kuchisaka.

Kumugwira kaye, chifukwa ambiri timagonjera pomwepa

Musayambe ndi mankhwala, yambani ndi chitenje kapena taulo. Yalani patebulo kapena pamphasa, muikeni pakati atayang'ana kutsogolo, kulungani mbali imodzi kudutsa pansi pa khosi kenako inayo, miyendo yakutsogolo ikhale mkati, mutu wokha kunja ngati mwana wakhanda. Inu mukhale kumbuyo kwake, matako ake atatsamira pamimba panu kuti asabwerere chafutambuyo. Mukamubwerera kumaso ndi botolo m'manja amaona ngati nkhondo ndipo akukalani, zikhadabo za mphaka si zamasewera. Sankhani nthawi imene wakhuta ali ndi tulo, tsekani chitseko ndi mawindo, zonse zofunika zikhale pafupi musanamugwire, osati mwamukulunga kale ndiye muzikuwa "iwe Junior tabweretsa thonje". Mukamaliza mupatseni ka usipa kamodzi kuti mawa asakuthaweni. Akayamba kupuma pakamwa kapena kulira mwaukali musiyeni, khutu linalo mudzachita madzulo, palibe akukuthamangitsani.

Zakuda zouma zoyoyoka m'khutu

Khutu labwino mkati limakhala lofiirira pang'ono motuwa, losanunkha, mwina kaphula kochepa chabe. Mukaona zakuda zouma zoyoyoka ngati khofi wogaya kapena dothi la katondo louma, mphaka akukanda mpaka kuseri kwa khutu kwachita zilonda, nthawi zambiri ndi tinthata ta m'makutu, dzina lake la m'mabuku ndi Otodectes cynotis. Ndi tating'ono kwambiri, toyera, timakhala mu ngalande ya khutu n'kumadya phula ndi mafuta a pakhungu. Zakudazo ndi phula losakanikirana ndi magazi ouma ndi zonyansa za tinthatato. Mukafuna kutsimikiza tengani kachibulumwa kamodzi muike pa pepala lakuda, walitsani tochi ya foni, yang'anitsitsani kwa mphindi imodzi, mukaona timadontho toyera tikusuntha basi mwapeza wakuba. Osationa sikuti mulibe, vet (dokotala wa ziweto) amayang'ana ndi kachipangizo kounikira m'khutu kapena pa maikulosikopu. Njira ina yoseketsa, tikitani kunsi kwa khutu, mwendo wakumbuyo ukayamba kupalasa wokha ngati akutchova njinga ndiye kuti mkatimo mukuyabwa koopsa.

Tsopano chifukwa chake zimabwerera ndi ichi. Dzira la kanthataka limaswa pakatha masiku 4, ndipo kuchoka pa dzira kufika poti nako kayambe kuikira pamatenga pafupifupi masabata 3. Mankhwala ambiri odonthezera m'khutu amapha tamoyo koma mazira sawakhudza, ndiye inu mumathira masiku asanu, khutu layera, mwasiya, mazira aja n'kuswa, mwayambiranso pa ziro. Chachiwiri timayenda, sitikhala m'khutu mokha, timafika pakhosi ngakhale kumchira poti mphaka amagona atadzipinda mchira uli pakhutu. Chachitatu, ndipo ichi ndi chimene chinandipusitsa ine, timapatsirana. Amphaka onse a pakhomo ndi agalu omwe ayenera kulandira mankhwala tsiku limodzi olo wina akuoneka kuti ali bwino, chifukwa alipo amphaka ena akuluakulu amene amanyamula tinthatati osakanda n'komwe, iwo phee, koma akugawira anzawo. Phulusa ndi Bonya ankangobwezerana ngati ngongole ya banki m'khonde.

Chimene chinathetsa nkhani kwathu ndi mankhwala odonthezera pakhosi kuseri kwa mutu, aja amalowa pakhungu n'kuyenda thupi lonse. Funsani kwa vet okhala ndi selamectin (amagulitsidwa ndi dzina la Revolution kapena Stronghold) kapena a moxidectin ndi imidacloprid (Advocate), a amphaka, olingana ndi kulemera kwa mphaka wanuyo. Patulani ubweya mpaka muone khungu, finyirani pomwepo pamene lilime lake silingafike, mubwerezenso pakatha masiku 30. Ndi odula inde, koma werengerani thonje ndi timabotolo tosathandiza timene mwagula miyezi itatu yapitayi. Mavet ena amagwiritsa ivermectin, amagwira, koma mulingo wake pa mphaka ndi kadontho kochepetsetsa, botolo lija la mbuzi ndi ng'ombe musayerekeze kuyeza nokha kunyumba, tiana ta mphaka timafa nawo. Zogonera zake chapani ndi madzi otentha muyanike padzuwa, katoni yakale ija ingootchani.

Kutsuka kwake, gulani mankhwala otsukira makutu a amphaka. Fundirani botolo m'manja kaye chifukwa madzi ozizira m'khutu amamudzidzimutsa. Gwirani nsonga ya khutu mukokere m'mwamba pang'ono, donthezani madontho angapo, tikitani kunsi kwa khutu masekondi 20 kapena 30 mpaka muzimva kuti tchakatchaka, kenako musiyeni akutumule mutu yekha (musavale malaya oyera a ku mvano tsiku limenelo). Zimene zatuluka pukutani ndi thonje lokulunga ku chala, pokhapo pamene chala chikufika. Khutu lililonse thonje lakelake. Pa nthata kutsuka kawiri kapena katatu sabata yoyamba n'kokwanira, kenako lisiyeni khutu lipume, kutsuka tsiku ndi tsiku kumasupula khungu ndipo khutu lonyowa nthawi zonse ndi limene limaitana matenda ena.

Timitengo ta thonje tija timatokosera m'makutu ife anthu, ayi. Ngalande ya khutu la mphaka imatsika pansi kenako n'kukhota kulowera mkati ngati chilembo L, ndiye kamtengo kamangokankhira litsiro pakona paja n'kulitsendera, ndipo mphaka akadzidzimuka mutha kuboola kang'oma ka khutu. Chitsotso cha machesi, nthenga ya nkhuku, chimodzimodzi.

Zimene anthu angakuuzeni kuti thirani

Apa ndikhalitsapo chifukwa amphaka ambiri samwalira ndi matenda a khutu, amamwalira ndi thandizo lathu. Chiwindi cha mphaka sichitha kusungunula mankhwala ambiri amene galu ndi munthu amasungunula bwinobwino. Panado, kapena paracetamol aliyense, piritsi limodzi la 500 mg limatha kupha mphaka wamkulu, nkhama zimasanduka zabulauni, nkhope kutupa, kupuma movutika. Ndiye ngati akumva ululu musamupatse olo kachidutswa. Bufeni ndi asipirini nazonso zisiyeni.

Mankhwala a nthata ndi nkhupakupa a agalu, werengani pa paketi. Mukaona mawu oti permethrin, pa mphaka ndi poizoni, amanjenjemera thupi lonse, dovu chuchuchu, kugwa ngati wakhunyu. Olo mwathira galu yekha, asagone limodzi ndi mphaka kwa masiku awiri kapena atatu. Zikachitika mwangozi musambitseni msanga ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wotsukira mbale, mupukuteni, thamangani naye kwa vet. Dibi wa ng'ombe, mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu, akuthira m'chimanga chosunga, onsewo asayandikire khutu la mphaka. Dettol ndi mankhwala ena otsukira aja amayera ngati mkaka mukawathira m'madzi nawonso ndi oipa kwa mphaka, kumbukirani kuti chilichonse mwamupaka amachinyambita. Spiriti amawotcha khutu lomwe lili kale ndi zilonda. Mafuta a tea tree ndi a bulugamu aja amagulitsa m'timabotolo tating'ono, poizoni.

Pali chisokonezo china chimene ndinachiona ndi maso kwa aneba. Anauzidwa kuti liquid paraffin amafewetsa zouma za m'khutu, zomwe n'zoona, koma ameneyo ndi mafuta oyera opanda fungo a ku famase, iwo anakatenga parafini wa mu nyali. Khutu linasupuka lonse. Ngati muli kutali ndi vet ndipo mulibiretu chotsukira, madontho awiri atatu a wa ku famaseyo kapena olive oil amafewetsa zoumazo n'kutsamwitsa tinthata tina, koma ndi chongodikirira, si mankhwala, ndipo musathire kanthu kalikonse ngati mutu wapendekeka kapena akulira mukakhudza khutu.

Fungo, mafinya, mutu wopendekeka

Ngati zotuluka m'khutu zili zonyowa, zachikasu kapena zabulauni zomata, zonunkha, khutu lafiira ndipo likutentha, izo si nthata zokha ayi, alowa mabakiteriya kapena yisiti yotchedwa Malassezia, kawirikawiri pambuyo pa nthata zomwezo. Mankhwala a pakhosi aja sachiza zimenezi. Pakufunika vet ayang'ane ngati kang'oma kali kamphumphu asanakupatseni chodonthezera, chifukwa mankhwala ena monga gentamicin akalowa mkati kudzera pa kang'oma koboka amatha kugonthetsa mphaka mpaka kalekale. Ndiye botolo lotsala la mwana wanu kapena la galu lija ayi.

Mutu ukapendekekera mbali imodzi, akudzandira ngati waledzera, akuzungulira malo amodzi, maso akuvinavina okha, kapena diso la mbali yomweyo lachepa ndi kachikopa koyera katuluka, ndiye kuti vuto lafika khutu lamkati. Lero lomwe kwa vet. Mphaka wachichepere amene khutu limodzi lomwelomwelo limatuluka mafinya mankhwala akangotha, makamaka ngati akulizanso nkonono, amatha kukhala ndi kachotupa kofewa komera mkati, kameneko mpaka achotse basi, mutha kuthira mankhwala chaka chonse osasintha kanthu.

Khutu likatupa lokha ngati kapilo kapena mandasi, lofewa ndi lofunda, ndi magazi amene aundana pakati pa khungu chifukwa chokanda ndi kukutumula mutu kwambiri. Musaboole ndi singano kapena lezala, limadzazanso tsiku lomwelo ndipo mulowetsamo majeremusi. Likasiyidwa limauma lokha koma khutu limakwinyika n'kutseka ngalande, mavuto a moyo wonse.

M'mphepete mwa makutu ndi mwa maso muli timadontho takuda tomatirira

Amene timasunga nkhuku tikuzidziwa izi. Utitiri uja umamatirira pa lipombo ndi m'maso mwa nkhuku umagwiranso amphaka, makamaka m'mphepete mwa makutu, kuzungulira maso ndi pakati pa zala. Sudumphadumpha ngati nthata wamba, umaloza mutu m'khungu n'kukhala pomwepo mulu, mukayang'ana mwachangu muyesa nkhanambo. Pakani Vaseline wochindikala pamwamba pake m'mawa ndi madzulo, umabanika n'kuyoyoka m'masiku ochepa, pafupi ndi diso pakani pang'ono kwambiri. Koma mazira ake amagwera mu fumbi la m'khola, ndiye ngati mphaka amagona ku khola la nkhuku kapena pansi pa nkhokwe podikira makoswe ubweranso sabata yamawa. Sesani khola, otchani zinyalala, zirani pansi kapena thirani simenti ngati mungathe, nkhukuzo muzithandizenso, mphakayo apatsidwe mankhwala a nthata a amphaka mwezi ndi mwezi mpaka zitatha.

Ubweya ukathothoka mozungulira ngati ndalama yachitsulo pakhutu kapena pamwamba pa diso, khungu lotuwa la mfundumfundu, chimenecho ndi chipere ndipo chimapita kwa ana a m'nyumba mosavuta. Sambani m'manja mukamugwira, asagone pabedi la ana mpaka atachira.

Wachitatu wanga ndi Ufa, woyera mbuu, ndipo amphaka oyera ali ndi vuto lawolawo ndi dzuwa lathuli. Nsonga za makutu, mphuno ndi zikope zilibe chowateteza, zimayamba kufiira, ubweya kuthothoka, kenako kankhanambo kamene kamachoka n'kubweranso pamalo omwewo chaka ndi chaka mpaka khutu kuyamba kudyeka. Anthu amati wamenyana ndi anzake, koma chilonda cha ndewu chimapola m'masabata awiri. Chosapola pa khutu loyera nthawi zambiri ndi khansa ya pakhungu, ndipo ikagwidwa msanga vet amangodula nsongayo mphaka n'kukhala bwinobwino zaka zambiri, kungoti amaoneka ngati kambewa. Ufa ndimamutsekera m'nyumba kuyambira 10 koloko mpaka cha m'ma 4, makamaka Okutobala ndi Novembala, amanyinyirika koma azolowera. Mafuta a dzuwa a anthu musamupake, ambiri ali ndi zinc ndi zina zoipa akanyambita.

Tibwere ku maso

Kamanthongo kakang'ono kouma kabulauni pakona ya diso m'mawa si matenda, ngakhale inu mumadzuka nako. Nthawi ya fumbi, kapena ngati amakonda kugona kukhitchini pafupi ndi moto wa nkhuni kapena mbaula, kapena mumayatsa koyilo wa udzudzu m'chipinda chotseka, misozi yoyera imachuluka ndipo mukachotsa utsiwo zimatha zokha. Amphaka a nkhope yophwatalala ngati a Persian misozi yawo imangoyenderera moyo wonse chifukwa timipata totsitsa misozi kupita m'mphuno n'topindika, amenewo ndiye ofunika kupukuta tsiku lililonse n'kuumitsa m'makwinya.

Chopukutira chabwino ndi normal saline wa ku famase, madzi a dripi aja a 0.9%. Mulibe, wiritsani theka la lita la madzi, thiranimo tiyisipuni imodzi yosasefukira ya mchere, dikirani azizire mpaka afunde pang'ono chabe, ndipo mawa mupange ena atsopano. Nyowetsani thonje, pukutani kamodzi kuchoka kukona ya kumphuno kupita kunja, tayani, tengani lina. Diso lililonse thonje lake, yambani ndi diso labwinolo. Zikope zikamatana musamatule mwamphamvu, ikani thonje lonyowa lofunda pamwamba mphindi ziwiri zitatu, manthongo afewa okha. Musakhudze galasi la diso ndi thonje louma. Shuga, mkaka wa m'mawere, madzi a mandimu, fodya, mkodzo, madzi a masamba ofinya, zonsezi ndinazimvapo kwa anthu ofuna kuthandiza ndithu koma diso la mphaka silibwerera likaphulika.

Tiana ta mphaka timatsegula maso pakati pa masiku 7 ndi 14. Musatitsegule nokha nthawi isanakwane. Koma mukaona chikope chotseka chatupa ngati muli kanthu mkati, kapena kakutuluka mafinya pakona, ndiye kuti matenda alowa diso lisanatseguke, ikani thonje lofunda lija ndipo mupite nako kwa vet tsiku lomwelo, tiana tambiri ta diso limodzi timene timaona m'misika tinayamba choncho.

Maso amachira kenako n'kuyambiranso

Maso ofiira, otupa mkati mwa chikope, manthongo achikasu kapena obiriwira pamodzi ndi kuyetsemula ndi mamina, chimenecho ndi chimfine cha amphaka. Chimodzi mwa zoyambitsa zake zazikulu ndi kachilombo ka herpes ka amphaka, si kaja ka anthu ndipo sikagwira anthu, musachite mantha. Vuto lake kakalowa sikachoka, kamakabisala mu mtsempha wa kumaso moyo wonse, ndiye mphaka akasokonezeka maganizo kapena thupi likafooka kamadzuka. Bonya amayambiranso diso lakumanzere lomwelo, ndipo nditayamba kulemba masiku pa kalendala ndinaona kuti zimabwera pafupifupi sabata imodzi pambuyo pa chinachake, titasamuka nyumba, atabwera alendo a chinkhoswe kudzagona masiku atatu, nthawi ya chisanu cha Juni ndi Julayi. Mphaka wamkazi zimamuyamba akabereka, n'kupatsiranso ana ake pomwepo. Apa palibe mankhwala ochotseratu, chimene mungachite ndi kuchepetsa zomusokoneza, akhale ndi pobisala pake pofunda, mbale yakeyake, osati amphaka sikisi mbale imodzi, ndipo mukamuthena kapena kumutseka kubereka ndewu ndi kuyendayenda zimachepa, matenda nawo amachepa. Zikadzuka pukutani katatu kanayi patsiku, mphuno nayonso, chifukwa mphaka amene sakumva fungo sadya. Fundutsani chakudya pang'ono kuti chinunkhire. Akakana kudya tsiku lathunthu, kapena kamwana kakadumpha chakudya kawiri katatu, musadikirenso.

Choyambitsa china ndi bakiteriya wotchedwa Chlamydia felis. Ameneyu amayamba diso limodzi, pakatha masiku angapo n'kupita linalo, mkati mwa chikope mumatupa kwambiri koma kuyetsemula kumakhala kochepa. Mafuta a m'maso a tetracycline aja a kachubu kakang'ono amachepetsa, diso n'kuyera, mukasiya zabwerera, chifukwa bakiteriyayu sakhala m'diso mokha. Mavet amapereka doxycycline wakumwa kwa masabata 4, amphaka onse a m'nyumba, ndipo mumalize olo diso layera tsiku lachisanu. Chenjezo, piritsi la doxycycline likakakamira pakhosi pa mphaka limawotcha kummero mpaka kuchepetsa njira ya chakudya, ndiye mukamumwetsa tsatizani madzi pang'ono ndi sirinji kapena chakudya chofewa nthawi yomweyo.

Kuthira mankhwala m'diso, dzanja limodzi pansi pa chibwano mudzutse mutu ayang'ane kudenga, botolo libwere chakumbuyo kwa mutu kuti asalione, tsitsani chikope chakumunsi, dontho limodzi basi, nsonga ya botolo isakhudze diso. Ngati mankhwala ali awiri siyanitsani ndi mphindi 5, amadzi poyamba amafuta pomaliza. Botolo lotsegula likadutsa masiku 28 tayani.

Katemera wa chimfine cha amphaka amabayidwa pa masabata 8 kapena 9 ndi kubwereza pa masabata 12, pomwepo mufunsenso wa chiwewe. Sikuti amatsekeratu matenda koma akabwera amakhala opepuka. Mabungwe osamalira nyama alipo, ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, m'maboma ena yambirani ku ofesi ya za ziweto mufunse amene amaona agalu ndi amphaka.

Diso limodzi lotsinzina, apa musazengereze

Mphaka wabwera kuchokera kunja diso limodzi watsinzina, misozi ikungotsika, akuthawa kuwala, akulipalasa ndi dzanja. Mwina wakalidwa pa ndewu, mwina kanjere ka udzu kapena chisoso kalowa kuseri kwa chikope, mwina herpes uja wapanga chilonda pagalasi la diso. Chilondacho ndi maso athuwa simungachione, vet amadontheza kamankhwala kotchedwa fluorescein, pomwe pali chilonda pamawala mobiriwira. Ndi chifukwa chake ndimakana zogula mankhwala a m'maso mongoloza pa shelefu. Ambiri a anthu ali ndi steroid, muwerenge muona dexamethasone, betamethasone, prednisolone kapena hydrocortisone. Amachotsa kufiira msangamsanga mpaka mumati ndapeza mankhwala, koma pa diso la chilonda amaletsa kupola, chilonda chimakumbika mpaka diso kuphulika, ndipo herpes amamudzutsa. Tsukani ndi saline, muvekeni kolala yotchinga kuti asakande (ya katoni yopyapyala yodula ngati fanulo imagwira ntchito usiku umodzi), m'mawa kwa vet. Galasi la diso likachita chifunga kapena buluu, muli magazi mkati, mwana wa diso wina wamkulu wina wamng'ono, diso latuzuka, zonsezi ndi za tsiku lomwelo.

Ndipo m'nyengo yotentha ndi mvula yoyamba musaiwale njoka yolavula ija, amphaka amakonda kuiputa ndipo imaloza m'maso. Akabwera akulira, maso onse otseka, otupa mwadzidzidzi, mukulungeni m'chitenje mutsuke ndi madzi ambiri aukhondo mosalekeza kwa mphindi 15 mpaka 20, a pampopi omwewo ali bwino, musataye nthawi kusaka mkaka kapena kuwiritsa madzi. Valani magalasi kapena samalani kuti asakuthovukireni m'maso mwanu. Mukatero mupite naye akaone ngati galasi lapsa.

Kachikopa koyera kotuluka pakona ya diso

Amphaka ali ndi chikope chachitatu pakona ya kumphuno, chimaoneka akamawodzera. Chikatuluka diso limodzi ali maso ndiye kuti disolo likupweteka kapena khutu lamkati lija. Chikatuluka maso onse awiri koma masowo ali oyera, kawirikawiri vuto lili m'mimba, kutsegula kapena njoka za m'mimba, kapena thupi lauma madzi, ndiye kupukuta diso sikuthandiza kanthu, mupatseni mankhwala a njoka a amphaka muone ngati akudya ndi kumwa, zimatha kutenga masabata angapo kuti chibwerere.

Chomaliza ndi chakudya, ndipo ndikudziwa ena mukwiya. Mphaka si galu, nsima ndi msuzi yekha sizimukwana. Thupi lake silipanga taurine (chinthu chofunika ku maso ndi mtima) wokwanira, amamupeza mu nyama ndi nsomba basi, akamusowa kwa miyezi yambiri mkati mwa diso mumawonongeka pang'onopang'ono ndipo akasiya kuona sadzaonanso, mtima nawo umafooka. Wa kumudzi amapulumukira mbewa ndi abuluzi amene amagwira yekha, koma wa m'tauni wotsekeredwa mu mpanda amene mukumupatsa mkute kapena chakudya cha galu ali pa ngozi. Mitima ndi nthutumba za nkhuku, usipa kapena matemba oviika kuti mchere uchoke n'kuwiritsa pang'ono, kapena chakudya cha amphaka cha m'shopu, koma popanda anyezi ndi adyo chifukwa zimawononga magazi awo.

Mphaka wokalamba, wa zaka 10 kupita m'tsogolo, akayamba kugunda mipando mwadzidzidzi, mwana wa diso ali wamkulu bii ngakhale pa dzuwa, nthawi zambiri ndi BP yokwera chifukwa cha impso, ndipo akalandira mankhwala m'masiku oyambirira enawo amayambanso kuona. Kuyesa kwake kunyumba ponyani kathonje patsogolo pake, sikamveka phokoso kakagwa, ndiye ngati sakukatsatira ndi maso muuzeni vet kuti amuyezenso BP, asangoyang'ana diso lokha.